Telala Amene Anayeza Boma ndi Tepi

A Swaibu, telala wa pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi msika wa Nkhotakota, ankati boma amalidziwa kuposa munthu aliyense m'tauni monse. Sikuti anaphunzira kwambiri ayi, sukulu analekezera Sitandade 3. Koma kwa zaka makumi awiri mabwana onse a pa boma ankasoketsa mathalauzi kwa iwo, ndipo munthu ukamamuzunguliza tepi m'chiuno kawiri pachaka umayamba kuganiza kuti palibe chimene angakubisire.

M'mutu mwawo boma linali losanjika bwinobwino, ndipo linasanjika ndi mainchesi. Makalaliki anali a 30 mpaka 32. Akuluakulu a zaulimi ndi a zamaphunziro anali a 36. Mkulu wa apolisi anali wa 42. Tcheyamani wa chipani, a Kalilu, anali pa 46 ndipo ankakwerabe. Nduna anali asanayezepo ndi imodzi yomwe, koma poona zithunzi za m'nyuzipepala ankaziika pa 50 kupita m'tsogolo.

"Mphamvu zimakhala m'chiuno," ankatero a Swaibu, tepi ili lende m'khosi. Tepiyo sankaivula, kupatula posamba ndi polowa mumzikiti. Anthu ankaseka, koma wowatsutsa ankasowa, poti manambala anali nawo ndi iwowo.

Chaka china, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mwana wawo wotsiriza, Madina, amakwatiwa. Mwamuna anali Rashidi, mnyamata wofatsa wa ku Dwambazi amene ankayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe. Ukwatiwo unali utalephereka kale kawiri. Koyamba kunagwa maliro. Kachiwiri mtsinje wa Bua unasefukira, akuchimuna n'kubwerera panjira ndi mbuzi zawo. Ndiye amalume ake a Rashidi, a Abasi, amene anali nkhoswe komanso munthu wosazungulira polankhula, anatumiza mawu akuti: "Loweruka likubwerali tibwera ndi lole. Tikabwereranso chimanjamanja, musadzatifunse. Atsikana ku Dwambazi kuno aliko." Kusuntha tsiku kunali kosatheka, chifukwa Lolemba lotsatira unkayamba mwezi wa Ramadhani, ndipo palibe amene akanaphika mpunga wa ukwati anthu akusala kudya.

Madina ankamukonda Rashidi moti akangomva dzina lake ankathira mchere kawiri m'ndiwo. Bambo ake ankazidziwa zimenezo, poti ndiwozo ankadya ndi iwo.

Lolemba la sabata ya ukwatiyo, a Swaibu ali kalikiliki ndi diresi loyera, panafika mnyamata wina pa njinga. Anali woonda, wovala magalasi, thalauzi litapindidwa mu nyuzipepala. Anati likumukulira, akufuna alibweze.

A Swaibu anamuzunguliza tepi osadzuka n'komwe pampando. "29," anatero mopanda chidwi. "Ndiwe kalaliki watsopano?"

"Ndangofika kumene pa boma pano, bambo. Dzina ndine Filipo."

"Ndiye iwe Filipo, udikira. Sabata ino ndikusoka diresi la mwana wanga. Komanso uzidya, mwana iwe. Ndi chiuno chimenechi sudzakwezedwa pantchito."

Mnyamatayo anaseka, anathokoza, n'kukwera njinga yake.

Lachitatu m'mawa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Landirova ya chimkuzamawu padenga inazungulira tauni yonse ikulengeza kuti Loweruka kukubwera Nduna kudzatsegula mlatho watsopano pa msewu wopita ku Bua. Aliyense akalandire mlendoyo. Msika utsekedwe, masitolo atsekedwe, asodzi asalowe m'madzi. Pasakhale msonkhano wina uliwonse, kaya ndi gule, kaya ndi mpira.

Amene munabadwa mochedwa mwina mukuti, bwanji sanangopitiriza ukwati wawo? Masiku amenewo sizinkatero. Chipani chinali chimodzi, ndipo chinali ndi anyamata ake ovala malaya ofiira amene ankayenda khomo ndi khomo kuona amene watsalira. Ukapezeka ukuimba ng'oma zako tsiku la Nduna, funso silinkakhala lakuti ukukondwerera chiyani. Linkakhala lakuti ukunyoza ndani.

A Swaibu anaimitsa makina singano ili pakati pa nsalu. Kunyumba anakapeza Madina atakhala pa mtondo wofulatitsa, akulira mopanda phokoso. Mbuzi zinayi zinali kale pa chingwe, matumba a mpunga ali m'khonde.

"Pukuta misozi," anatero bambowo. "Boma limeneli ndimalisokera ine. Ndikalankhula nalo."

Lachinayi anavala mkanjo woyera ndi kofia ya Lachisanu, tepi m'khosi, n'kuyamba ulendo. Monga mwa nzeru zawo, anayambira pamwamba, pa 46.

A Kalilu anawalandira bwino, mpaka anawaitanitsira tiyi. Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu. "A Swaibu, ndamva chisoni kwambiri," anatero. "Koma ine ntchito yanga ndi kudzaza bwalo, osati kupungula. Ndikakulolani inuyo, mawa Nduna ikafunsa kuti anthu mazana atatu ali kuti, ndidzaloza chiyani? Komanso zilolezo za misonkhano si za chipani. Pitani kupolisi."

Mkulu wa apolisi, wa 42 uja, anapukusa mutu asanamve n'komwe mapeto ake. "Chilolezo timapereka ndife, inde. Koma lamulo la Loweruka silinachokere kuno. Ife tangouzidwa kuti tikasunge bata. Mlathowo ndi wa anthu a zamisewu, mwambo ndi wawo. Kafunseni kumeneko."

Mkulu wa zamisewu, wa 38, anamupeza akukalipira anthu opaka laimu pa miyala. "Ine wanga ndi simenti ndi zitsulo, bambo. Mlatho ndamanga, ndamaliza. Zoti anthu asakwatirane sindinazilembepo. Funsani amene amalengeza aja."

Wolengeza uja anali wa 34, ndipo anali akudya chinangwa chootcha pansi pa Landirova yake. "Ine ndimangowerenga pepala, achimwene. Akandipatsa lakuti kugwa mvula ya nsomba, ndiwerenga. Pepalalo linachokera ku ofesi ya a Disi."

Apa mtima wa a Swaibu unagweratu. Anaona kuti mainchesi akutsika, ndipo kwa iwo zimenezi zinkatanthauza kuti akutalikirana ndi mphamvu. Disi wakale, bwanamkubwa wa boma lonse la Nkhotakota, anali wa 44 ndipo ankadziwana naye bwino, koma anali atasamutsidwa mwezi wapitawo. Watsopanoyo anali asanabwere kudzayezedwa, zimene a Swaibu ankaziona ngati mwano pang'ono.

Anafika ku ofesiko dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Mesenjala wa yunifolomu ya khaki anawauza kuti bwana atuluka, adikire pa benchi. Anakhala. Patapita kanthawi anamva belu la njinga, ndipo amene anatsika anali mnyamata woonda uja, Filipo.

"Ha, ndi iwe!" anatero a Swaibu, atasangalala kuona nkhope yodziwika ngakhale inali ya 29. "Thalauzi lako silinathe, usafunse. Bwera ukhale apa. Iwe umagwira ntchito muno, tandiuze: boma lanuli mutu wake uli kuti? Ndayenda tsiku lonse, aliyense akuti si iye."

Mesenjala anatsegula pakamwa, koma Filipo anamuyang'ana pang'ono, pakamwapo n'kutsekeka. Mnyamatayo anakhala pa benchi, n'kuvula zopanira thalauzi m'miyendo.

"Mutu uli ku Lilongwe, bambo," anatero. "Pamwamba pali Pulezidenti. Iyeyo amasankha nduna, ndipo nduna iliyonse amaipatsa unduna wake: ina misewu, ina ulimi, ina zipatala. Nduna ili ndi mlembi wamkulu amene amayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku. Ndiye unduna uliwonse uli ndi munthu wake kuno. Wa misewu amamvera a misewu, wa ulimi amamvera a ulimi. Disi ntchito yake ndi kuwasonkhanitsa onsewo kuti asapondane, ndipo iye amayankha ku ofesi ya Pulezidenti."

"Nanga a Kalilu?"

"Amenewo ndi a chipani. Papepala ndi nyumba ina, koma mpanda wake ndi waufupi kwambiri."

A Swaibu anaganiza kaye. "Ndiye zili ngati malaya osokedwa ndi atelala khumi. Wina kolala, wina mkono, wina mabatani."

"Mwatha kale, bambo."

"N'chifukwa chake sakwana munthu," anatero a Swaibu. "Chabwino. Pa atelala onsewo, wolola ukwati tsiku la Nduna ndi uti?"

"Palibe."

"Nanga woletsa?"

"Nayenso palibe. Lamulo loletsa ukwati silinalembedwe paliponse. Chinalembedwa n'chakuti aliyense akalandire Nduna. Koma mukaimba ng'oma zanu, anyamata ofiira aja abwera, ndipo palibe amene adzakuikireni kumbuyo."

Apo m'pamene a Swaibu anafookeratu. Munthu wamkulu, wa ndevu zaimvi, anayamba kulira pa benchi ya boma, ndipo sanachite nazo manyazi. Anafotokoza za maliro aja, za Bua, za mawu a a Abasi, za Ramadhani. Anafotokoza kuti Madina mayi ake anamusiya ali ndi zaka zisanu, kuti diresi lake loyamba la kusukulu anamusokera ndi iwo, ndiponso kuti anamulonjeza dzulo lomweli kuti alankhula ndi boma. "Ndikamuuza chiyani? Kuti boma ndalifunafuna koma sindinalipeze?"

Filipo anapukuta magalasi ake. Kenako anafunsa, "Nyumba yanu ili pati?"

"M'mphepete mwenimweni mwa msewu wa ku Bua, pali mitengo iwiri ya mango."

"Ndiye Nduna idzadutsa pakhomo panu. Mwaitana anthu angati?"

"Mazana atatu, osawerengera obwera okha akamva fungo."

"Ng'oma zilipo?"

"Amuna adzavina sikiri, amayi chiwoda. Bwanji, ukufuna kudzadya nawo?"

Filipo anaimirira. Mesenjala anawomba phazi pansi, dzanja pachipumi, n'kutsegula chitseko chachikulu cha ofesi. "Lowani, Bwana Disi."

A Swaibu anayang'ana kumbuyo kuti aone Disi amene akubwerayo. Kunalibe munthu. Anayang'ana mesenjala, anayang'ana njinga, anayang'ana chiuno cha 29 chikulowa mu ofesi. Anakumbukira "iwe" aliyense amene anamutchula chiyambire Lolemba, ndiponso malangizo aja akuti azidya. Anafuna kugwada, benchi inawatchinga.

"Bwana, pepani, ndinali… maso angawa…"

"Lowani, bambo," anatero a Filipo ali kuseri kwa tebulo, pansi pa chithunzi cha Pulezidenti. "Za chiunozo munanena zoona, mayi anga amanenanso zomwezo. Tsono mvetsani. Kukulolani kuti musakalandire Nduna sindingathe, mphamvu imeneyo ndilibe. Koma pulogalamu ya ulendowu ndimalemba ndine. Amene amanena kuti anthu akutiakuti akaime pakutipakuti ndi ine."

Anatenga pepala n'kuyamba kulemba, akuwerenga mokweza. "Malo oyamba olandirira Nduna, pa sukulu. Malo achiwiri, pamphambano. Malo achitatu, pakhomo pa a Swaibu, pa mitengo iwiri ya mango. Anthu mazana atatu, ng'oma za sikiri ndi chiwoda. Woyang'anira malowo, a Swaibu." Anadinda chidindo, phaa! "Munthu amene ali pamalo ake olandirira sanathawe msonkhano. Zimene akuchita podikira, kaya akudya, kaya akumanga ukwati, pulogalamu siyifunsa. Koma magalimoto akangooneka, aliyense akhale pamsewu, ngakhale mkwatibwi."

"Nanga a Kalilu, bwana?"

"Ndiwatumizira pepala lawo. Adzaona kuti anthu awo olandira awonjezereka ndi mazana atatu."

Ndipo zinaterodi. Lachisanu a Kalilu anatumiza mbendera ziwiri ndi uthenga wakuti ganizo limeneli anali nalo kale mumtima. Mkulu wa apolisi anatumiza wapolisi mmodzi woti adzaime pa malo achitatu. Wa zamisewu anapakitsa laimu mitengo iwiri ya mango ija mpaka m'chiuno.

Loweruka m'mawa lole ya ku Dwambazi inafika itadzaza mpaka pamwamba. A Abasi anatsika atakonzeka kukangana, koma anapeza mbendera pachipata, mitengo yoyera, ndi wapolisi akuwachitira sawatcha. Anameza mawu onse amene anabwera nawo. "Apongozi athuwa ndi anthu akuluakulu eti," ananong'oneza Rashidi.

Shehe anamanga nikaha, ukwati wa Chisilamu, nthawi ya naini. Rashidi anavomera mofulumira kwambiri moti anthu anaseka. Pulogalamu inkati Nduna idutsa teni koloko, koma teni inakwana, thwelofu inakwana, Nduna osaoneka. Anthu a pa sukulu ndi a pamphambano ankapsa ndi dzuwa m'mimba muli pululu, pamene a pa malo achitatu ankalandira Nduna ndi mpunga wa nyama ya mbuzi. Pofika wani koloko malo achitatu anali ndi anthu pafupifupi mazana asanu, ndipo a Kalilu anabwera okha kudzayendera, mbale ili m'manja.

Cha m'ma thu koloko wapolisi uja anakuwa, "Akubwera!" Anthu anasiya mbale n'kukhamukira kumsewu, ena mafuta ali m'manja. Ng'oma zinalira. Madina anaima kutsogolo m'diresi lake loyera, pakati pa amayi ovala nsalu za chipani. Magalimoto amayenera kungodutsa, koma yakuda ya pakati inachepetsa liwiro n'kuima, ndipo onse anaima.

Inatuluka Nduna. A Swaibu sanafune n'komwe tepi. 52, osachepera. Mtima wawo unakhala pansi: pomaliza aona mphamvu zenizeni, ndipo nzeru zawo sizinali zabodza kwenikweni.

Nduna inagwira chanza akwati, inati sinalandiridwepo chonchi chiyambire. Kenako mphuno yake inatembenukira kumene kunali miphika. A Swaibu anali munthu wodziwa ulemu. Mkeka unayalidwa, mbale yaikulu inabwera, mpunga wonunkhira, nyama ili pamwamba. Nduna inapinda mkono wa malaya, inatambasula dzanja, a Swaibu n'kuyamba kuithira madzi.

Pomwepo panatulukira kamunthu kena ka tayi, fayilo kukhwapa. A Swaibu anakayeza ndi diso: 28. Kanaweramira kukhutu kwa Nduna n'kuloza wotchi. Amene anali pafupi anamva mawu ochepa chabe, akuti tachedwa ndi maola anayi, ndipo ku Lilongwe akudikira lipoti lisanalowe dzuwa.

Nduna inayang'ana mbale. Inayang'ana kamunthu kaja. Inameza malovu, ndipo onse anaona kholingo likukwera ndi kutsika. Kenako inapukuta dzanja lonyowalo ndi mpango, inafunira akwati mafuno abwino, n'kubwerera m'galimoto. Mdipiti wonse unanyamuka, fumbi n'kutsalira.

A Swaibu anatsala chiimire ndi ketulo ya madzi m'manja. Anamva chisoni chenicheni. "52 yonse ija," anatero, "mbale imodzi ya mpunga osatha kuilamula."

A Filipo anali m'Landirova yomalizira. A Swaibu anathamanga n'kuwaponyera pawindo phukusi la nyuzipepala. "Thalauzi lanu, bwana! Ndinasiya mainchesi awiri m'kati mwa msoko, poti a boma onse ndimawasiyira. Koma dzulo ndinawachotsa. Mukhale choncho!"

Itatha swala, pemphero la masana aakulu, a Abasi anati njira ndi yaitali, lole inyamuke. Anakweza sutikesi, mphasa, mtondo watsopano ndi mbale. A Swaibu ankayendayenda akulamula zinthu zimene zinali zitachitika kale, kuti asaime malo amodzi. Koma Madina anawapeza pansi pa mango, n'kugwada.

"Ababa, ndikupita."

"Pita, mwana wanga. Ukakhale bwino ndi anthu." Anamuyang'ana, ndipo manambala ake onse anabwera okha: 19 pa diresi loyamba la kusukulu, 22 chaka chimene anadwala malungo, 26 pa diresi limene anavalali. Kuyambira tsopano adzamuyeza telala wina wa ku Dwambazi, amene mwina sadziwa n'komwe kuti phewa lake lakumanzere ndi lotsika pang'ono.

Madina anaimirira, n'kuseka misozi ili m'maso. "Ababa, ukwati wonse mwakhala ndi tepi m'khosi. Ngakhale pamaso pa Nduna."

Anaigwira, n'kuichotsa pang'onopang'ono kudutsa pamwamba pa kofia. Anaikulunga pa zala zake ziwiri monga ankachitira ali mwana. A Swaibu anatambasula dzanja kuti alandire, koma iye anaifumbata.

"Iyi ndikupita nayo. Mukaifuna mudzabwere kudzaitenga nokha. Ndikudziwa kuti popanda iyo simungathe sabata ziwiri."

Lole inalira, amayi anaimba nthungululu, ndipo loleyo inalowa mumsewu womwe inadzera Nduna. A Swaibu anaima pakati pa mitengo iwiri yopakidwa laimu mpaka fumbi linatha. Dzanja lawo linakwera lokha kupita pachifuwa, pamene nsonga za tepi zinkalendewera kwa zaka makumi awiri, ndipo linangogwira mkanjo.